Anaona Pafupi, Anaphonya Patali: Za Dickens, Charlotte Brontë ndi Mark Twain

 

Andipempha kuti ndikambe za alembi akale a ku England ndi ku America. Alembiwo ndi ochuluka, moti nditati ndiwatchule mmodzimmodzi kukhoza kuticherera tisanafike n'komwe pakati. Choncho ndatengapo atatu: Charles Dickens ndi Charlotte Brontë a ku England, ndi Mark Twain wa ku America. Kuti muone kutalika kwa nthawi imene tikukambayi, kumbukirani chaka cha 1859, pamene David Livingstone anafika pa nyanja yathu. M'chaka chomwecho Dickens anatulutsa buku la A Tale of Two Cities, Twain analandira chiphaso choyendetsera sitima pa mtsinje wa Mississippi, pamene Charlotte Brontë anali atatha kale zaka zinayi ali m'manda.

Ambirife mayina amenewa tinakumana nawo m'kalasi. Tinaloweza mayina a anthu a m'nkhani kuti tikhoze mayeso, tinaona zithunzi za madoda a ndevu atavala makolala olimba, ndipo tinangoti awa anabadwa ali ndi cholembera m'manja. Koma akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mabukuwo tinawaona. Lero tifunse chimene chinawatsitsa.

Ndili ndi mfundo zitatu. Yoyamba, alembi awa analemba bwino zinthu zimene anaziona pafupi, zimene zinawapweteka iwo eni. Yachiwiri, ankalemba kuti adye, ndipo njala imeneyo ndiyo inaumba maonekedwe a mabuku awo. Yachitatu, pamene maso awo analekezera, ankaphonya ngati munthu wina aliyense, ndipo pena anthu amene anawaphonyawo anali ife a ku Africa.

Mfundo yoyamba: zimene anaziona pafupi.

Charles Dickens anabadwa pa 7 February 1812 ku Portsmouth. Bambo ake, John Dickens, anali kalaliki mu ofesi yolipira asilikali apamadzi. Malipiro anali abwino ndithu, koma bamboyo anali wodya zamawa lero. Mu February 1824 anamangidwa chifukwa cha ngongole ya mapaundi 40 imene anali nayo kwa munthu wophika buledi. Masiku amenewo ku England wangongole ankatsekeredwa m'ndende mpaka atabweza, ngakhale kuti m'ndendemo analibe njira yopezera ndalama. Anamutsekera ku Marshalsea, mu mzinda wa London. Posakhalitsa mkazi wake ndi ana aang'ono anasamukira m'ndende momwemo, poti kunja analibe pogona.

Charles sanapite nawo. Anali ndi zaka 12, ndipo anamupezera ntchito m'fakitale yopanga polishi wa nsapato, ya Warren, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Nyumbayo inali yakugwa, pansi pake makoswe ali yakaliyakali. Tamvani ntchito yake. Ankatenga kabotolo ka polishi, n'kukaphimba ndi pepala la mafuta, pamwamba pake pepala labuluu, n'kumanga ndi ulusi, n'kudula m'mbali kuti pepalalo likhale lolingana, kenaka n'kumata chizindikiro cha kampani. Akatha kamodzi, atenge kena. Maola khumi pa tsiku, masheleni 6 pa sabata. Kampaniyo itasamukira kwina, anyamatawo ankagwirira ntchito pawindo, ndipo anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumawaonerera.

Tsiku lina Charles anagwidwa ndi chilaso, matenda amene ankamuvuta kuyambira ali wamng'ono. Mnyamata wina wamkulupo, dzina lake Bob Fagin, anamugoneka pa udzu, nathira madzi otentha m'mabotolo a polishi opanda kanthu n'kumamuthowa nawo m'nthiti. Madzulo Bob anakakamira kuti amuperekeze kunyumba. Nanga kunyumba kwake kuti? Charles sanafune kuti mnzakeyo adziwe za kundende. Atafika cha ku mlatho wa Southwark anaima pakhomo la nyumba ya eni, natsanzikana ndi Bob ngati wafika kwawo. Poopa kuti mwina Bob atembenuka, anagogoda ndithu, ndipo mayi atatsegula, anangofunsa ngati pakhomopo ndi pa Bambo Robert Fagin.

Inu amene munawerenga Oliver Twist mwazindikira dzinalo. Fagin ndi nkhalamba yoipa ija imene imaphunzitsa ana kupisa m'matumba. Dickens anatenga dzina la mnyamata amene anamuchitira chifundo n'kulipatsa chigawenga. Ine ndimaona kuti chimene chinkamuwawa sichinali Bob ayi, koma kuti Bob anamuona ali pansi.

Bambo ake anatuluka patatha miyezi itatu, koma Charles anapitirizabe kumata mabotolo pafupifupi chaka chathunthu. Tsiku limene bamboyo anaganiza zomuchotsa kuti abwerere kusukulu, mayi ake ankafuna kuti mwanayo abwererenso kufakitale. Dickens sanaiwale zimenezo mpaka imfa. Ndipo nkhani yonseyi anaibisa. Anaiulula kwa bwenzi lake John Forster, amene anailemba m'buku la mbiri ya moyo wake Dickens atamwalira kale. Ana ake enieni anaidziwira m'buku limenelo.

Anaibisa pakamwa, koma m'mabuku ili ponseponse. Mu David Copperfield, wa 1849 mpaka 1850, kamnyamata kakutsuka ndi kumata mabotolo m'nyumba ya makoswe, ndipo Bambo Micawber, wangongole wokoma m'kamwa amene nthawi zonse amayembekeza kuti mwayi ugwa, ndi John Dickens weniweni. Mu Little Dorrit mtsikana akubadwira m'ndende ya Marshalsea n'kukulira momwemo. Mu Oliver Twist mwana wamasiye akupempha kuti amuonjezere phala m'nyumba yosungiramo amphawi, ndipo akuluakulu akuchita ngati wapalamula mlandu wakupha. Nyumba zoterozo zinalimbitsidwa ndi lamulo la 1834, limene cholinga chake chinali choti moyo wa m'menemo ukhale wowawa kuti amphawi aziopa kupempha thandizo. Mwamuna ankagona kwina, mkazi kwina, ana kwina. Anthu ophunzira ankatsutsana za lamuloli ndi manambala. Dickens anangoika mwana mmodzi pamaso pawo atanyamula mbale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Sukulu anaisiyiratu ali ndi zaka 15. Anakhala kalaliki wa maloya, nadziphunzitsa yekha kalembedwe kachidule kothamanga ndi mawu a woyankhula, nakhala mtolankhani m'mabwalo a milandu ndi ku nyumba ya malamulo. N'chifukwa chake mu Bleak House akutha kutionetsa mlandu wa chuma chamasiye umene ukuzengedwa mibadwo, mpaka chuma chonse chikuthera kulipira maloya. Anakhalapo pa mabenchi amenewo. Anachiona pafupi.

Charlotte Brontë anabadwa mu 1816, mwana wa m'busa wosauka wa ku Haworth, kumpoto kwa England. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 5. Mu 1824 bambo ake anatumiza ana aakazi anayi kusukulu yogonera konko ya ana a abusa osauka ku Cowan Bridge. Chakudya chinali chochepa ndi chonyansa, kuzizira kunali koopsa. Chaka chotsatira akulu ake awiri, Maria wa zaka 11 ndi Elizabeth wa zaka 10, anabwezedwa kunyumba akudwala chifuwa chachikulu, ndipo anamwalira motsatizana, wina mu May wina mu June. Mukawerenga Jane Eyre mupeza sukulu yotchedwa Lowood ndi mtsikana woleza mtima, Helen Burns, amene akuzunzidwa ndi mphunzitsi kenaka n'kufa ndi chifuwa. Helen ndi Maria. Charlotte anali ndi zaka 9 pamene anaziona, analemba ali ndi zaka 30, ndipo mkwiyo unali usanazizire.

Atakula anagwira ntchito yophunzitsa ana m'nyumba za anthu olemera, akugona pakhomo pomwepo. Inali ntchito ya pakatikati: sali wantchito woti akhale ndi anzake kukhitchini, salinso wachibale woti akhale pabalaza. Pakhomo lina ankalandira mapaundi 20 pa chaka. Jane Eyre ndi mtsikana wotero, wamfupi, wosaoneka bwino, wopanda chuma, koma wouza bwana wake maso ndi maso kuti pamaso pa Mulungu iwo awiri ndi ofanana. Mu 1847 owerenga ena anaona zimenezi ngati mwano.

Tiwoloke nyanja. Mark Twain dzina lake lenileni linali Samuel Clemens. Anabadwa mu 1835 ku Missouri, nakulira m'katauni ka Hannibal m'mbali mwa Mississippi. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo posakhalitsa analowa ntchito yosanja zilembo pamalo osindikizira nyuzipepala. Mu 1857 anapangana ndi woyendetsa sitima wina, Horace Bixby, kuti amuphunzitse mtsinjewo pa mtengo wa madola 500. Kuphunzira mtsinje kunali kuloweza mtunda woposa mamailosi 1,000 pakati pa St. Louis ndi New Orleans, popita ndi pobwera, usana ndi usiku, madzi ali odzaza ndi madzi ataphwera: pokhota paliponse, mchenga uliwonse wobisika, chitsa chilichonse chomira. Ndipo mtsinjewo unkasintha njira chaka ndi chaka. Mu Life on the Mississippi akufotokoza kuti atauzolowera, kamzere ka pamadzi kamene wapaulendo amakaona ngati kokongola iye ankakaona ngati chenjezo la chinthu chong'amba sitima. Mng'ono wake Henry, amene iye mwini anamupezera ntchito pa sitima yotchedwa Pennsylvania, anafa mu 1858 boyila ya sitimayo itaphulika.

Missouri linali dera la ukapolo. Bambo ake a Twain anakhalapo ndi akapolo, ndipo ali mwana ankamva kutchalitchi kuti ukapolo ndi chifuniro cha Mulungu. Patchuthi ankapita kufamu ya achibale a mayi ake, a John Quarles, kumene usiku ankakhala pamoto kumvetsera nthano za kapolo wina wachikulire, Daniel. Mawu a munthu ameneyo, mayankhulidwe ake ndi nzeru zake, ndiwo anadzasanduka Jim mu Adventures of Huckleberry Finn, buku limene linatuluka ku England mu 1884 ndi ku America mu 1885.

Ndikhalepo pang'ono pa buku limeneli. Wofotokoza nkhani ndi Huck, mwana wa chidakwa, wosaphunzira, woyankhula Chingerezi cha mumsewu. Akuthawa bambo ake, ndipo akukumana ndi Jim amene akuthawa ukapolo. Awiriwo akutsika ndi mtsinje pa mitengo yomangidwa pamodzi. Huck akukhulupirira ndi mtima wonse kuti kuthandiza kapolo kuthawa n'kuba katundu wa mwini, tchimo lopita nalo kumoto. Akufika polemba kalata youlula kumene Jim ali. Atailemba akuyamba kukumbukira momwe Jim ankamulondera usiku kuti iye agone. Akung'amba kalatayo, akudziwa mumtima mwake kuti wasankha chiwonongeko. Taonani luso lake: mwanayo wachita chabwino akuganiza kuti wachimwa, ndipo Twain sakumukonza. Akusiyira inu owerenga kuti muone kuti chokhota si mwanayo koma chiphunzitso chimene anamuyamwitsa. Munthu amene sanakulire m'chiphunzitso chimenecho sakanatha kulemba tsamba limenelo. Laibulale ya ku Concord, ku Massachusetts, inaliletsa bukuli mu 1885 ponena kuti ndi lotukwana ndi losayenera anthu aulemu. Twain anasangalala, poona kuti chiletsocho chiligulitsa kwambiri.

Ndibwereze mfundoyi: fakitale, sukulu ya njala, mtsinje ndi akapolo. Palibe mwa atatuwa amene anapondako ku yunivesite ngati wophunzira. Analemba zimene anaziona pafupi.

Mfundo yachiwiri: ankalemba kuti adye.

Pali anthu amene amaganiza kuti kukamba za ndalama n'kuchepetsa mlembi. Ine ndikuti simungamvetse mabuku a Dickens musanadziwe momwe ankagulitsidwira. M'masiku ake buku latsopano la nkhani yaitali linkatuluka m'mavoliyumu atatu pa mtengo wa masheleni 31 ndi theka, ndalama yoposa malipiro a sabata a mmisiri wamba. Dickens anatenga njira ina. Kuyambira ndi The Pickwick Papers mu 1836, mabuku ake ambiri ankatuluka pang'onopang'ono, kagawo ka masamba 32 mwezi uliwonse pa sheleni imodzi, mpaka magawo 20. Kagawo koyamba ka Pickwick kanagulidwa makope mazana ochepa chabe. Atalowetsamo wantchito wanthabwala, Sam Weller, malonda anakwera, ndipo pofika kumapeto ankagulitsa makope pafupifupi 40,000 pa mwezi.

Zinali ngati sewero la pawailesi limene limathera pamene mtima uli m'mwamba kuti sabata yamawa mutsegulenso. Anthu osadziwa kuwerenga ankasonkhana kuti wodziwa awawerengere mokweza. Ndiye mukaona kuti mutu wa nkhani ukuthera pakhomo pamene wina wangogogoda, kapena kuti munthu aliyense wa m'nkhani ali ndi kamwambi kake kamene amabwereza, musati mlembi anasowa chonena. Owerenga ankakhala mwezi wathunthu asanakumanenso ndi munthuyo, ndipo kamwambiko ndiko kankawakumbutsa kuti uyu ndi uje. Dickens ankalemba magawo akutsogolo am'mbuyo ali kale m'manja mwa anthu, khutu lili kumsika. Buku la Martin Chuzzlewit litayamba kusayenda malonda, anamunyamula mwini nkhaniyo n'kumutumiza ku America. Great Expectations, limene ambiri timaliona ngati buku lake lokhwima koposa, anayamba kulitulutsa mu December 1860 chifukwa magazini yake, All the Year Round, inali kutaya owerenga ndi nkhani yosakoma ya mlembi wina.

Mantha a umphawi sanamuchoke ngakhale atalemera. Kuyambira 1858 anayamba kuyendayenda m'maholo kuwerenga zigawo za mabuku ake anthu akulipira pakhomo. Ankasintha mawu ndi nkhope, kukhala munthu uyu kenaka uyo, opanda chovala chapadera. Ulendo wa ku America wa 1867 mpaka 1868 unamupatsa mapaundi pafupifupi 19,000. Kenaka anaonjezera gawo la kuphedwa kwa Nancy mu Oliver Twist, limene ankalichita ndi mphamvu yoti pomaliza ankagona pampando osatha kuyankhula. Madokotala anamuletsa. Anamwalira pa 9 June 1870 ali ndi zaka 58, buku la The Mystery of Edwin Drood lili pakati, ndipo mpaka lero palibe akudziwa mathero ake.

Kwa Charlotte Brontë msika unali ndi chipata china. Ali ndi zaka 20 anatumiza ndakatulo zake kwa Robert Southey, mlakatuli wa mfumu, ndipo yankho la 1837 linali lakuti zolembalemba si ntchito ya moyo wa mkazi. Choncho iye ndi ang'ono ake, Emily ndi Anne, anadzipatsa mayina osaonetsa ngati ndi amuna kapena akazi: Currer, Ellis ndi Acton Bell. Mu 1846 anasindikiza ndakatulo zawo ndi ndalama zawozawo. Anagulitsa makope awiri. Awiri basi. Buku loyamba la Charlotte, The Professor, linakanidwa kulikonse kumene linapita. Jane Eyre analiyamba ku Manchester, akudwazika bambo ake amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Litatuluka mu October 1847 linagulidwa ngati moto, m'nyengo yomweyo Emily anatulutsa Wuthering Heights ndi Anne Agnes Grey, ndipo mphekesera zinafala kuti a Bell onse atatu ndi mwamuna mmodzi. Mu July 1848 Charlotte ndi Anne anakwera sitima ya usiku kupita ku London kukadzionetsa kwa wosindikiza mabuku, George Smith, amene sankadziwa kuti mlembi wake wotchukayo ndi kamayi kakafupi ka kumudzi. Chisanathe chaka chimodzi kuchokera pamenepo, mlongo wawo Branwell, Emily ndi Anne onse anali atamwalira. Charlotte anawatsatira mu 1855 ali ndi zaka 38, miyezi 9 atangokwatiwa.

Twain yekha ndalama ankazidziwa kupeza, kusunga ayi. Mabuku ake ankagulitsidwa ndi anthu oyenda khomo ndi khomo kulembetsa ogula bukulo lisanatuluke, ndipo ogula otere, alimi ndi eni timagolosale, ankafuna buku lonenepa la zithunzi zambiri. Ndicho chifukwa mabuku ake a maulendo ali aatali chotero. Anatsegula kampani yakeyake yosindikiza, imene inapindula kwambiri ndi mbiri ya moyo wa pulezidenti wakale wa America, Ulysses Grant, mu 1885. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Poti anakulira pa ntchito yosanja zilembo ndi manja, anakopeka ndi makina a munthu wina, James Paige, oti azisanja okha. Makinawo anali ndi tizigawo pafupifupi 18,000 ndipo ankangofa. Anathiramo madola pafupifupi 300,000, zina mwa izo chuma cha mkazi wake. Mu 1894 kampani yake inagwa.

Lamulo silinamukakamize kubweza ngongole zonse, koma anasankha kubweza. Ali ndi zaka pafupifupi 60 ananyamuka kuzungulira dziko akuyankhula m'maholo: Australia, New Zealand, India, ndipo mu 1896 anafika ku South Africa, nayankhula ku Durban, Johannesburg ndi Cape Town. Atangofika ku England pobwerera analandira uthenga kuti mwana wake Susy, wa zaka 24, wamwalira kwawo ku Hartford. Ngongole anamaliza kubweza mu 1898. Zolemba zake za pambuyo pake n'zowawa, nthabwala zake zili ndi minga.

Ankalemba kuti adye, ndipo wogula ndiye ankanena kutalika kwa mutu, kunenepa kwa buku, ngakhale dzina loti lilembedwe pachikuto.

Mfundo yachitatu: pamene maso awo analekezera.

Apa ndikupemphani, makamaka inu ophunzira, kuti muzikonda mlembi maso ali otsegula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dickens anapita ku America mu 1842, nakaona ukapolo ndi maso ake ku Maryland ndi Virginia, ndipo mu American Notes anaudzudzula mosapsatira. Anakopera zilengezo za m'nyuzipepala zofunafuna akapolo othawa, m'mene eni ake ankatchula zipsera ndi makutu odulidwa ngati zizindikiro. Koma munthu yemweyo mu 1853, gulu la Azulu litabweretsedwa ku London kudzaonetsedwa pa chionetsero, analemba nkhani m'magazini yake ya Household Words yotchedwa The Noble Savage, yowanyoza ngati anthu opanda pake amene dziko lingapindule atafafanizika. Sanayankhule nawo, sankadziwa chiyankhulo chawo, anangowaona pa nsanja akuvina zimene wowalemba ntchito anawauza. Mwana amene anamva manyazi anthu akumuonerera pawindo sanazindikire anthu ena akuonereredwa. Mu Bleak House muli Mayi Jellyby, amene ana awo akugwa pamasitepe ndi njala iwo ali kalikiliki kulemba makalata a ntchito yolima khofi m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Chidzudzulocho chili ndi pake, koma anthu a ku Niger m'bukumo alibe nkhope, ndi nthabwala chabe. Mu 1865, bwanamkubwa Edward Eyre atapha anthu akuda oposa 400 pothetsa kuukira kwa ku Morant Bay ku Jamaica, Dickens anali mbali ya omuikira kumbuyo.

Pali nkhani ina yoti tiiyike pambali pa imeneyi. Fagin wa mu Oliver Twist ndi Myuda, ndipo bukulo limangomutcha Myudayo, Myudayo, kambirimbiri. Mu 1863 mayi wina wachiyuda, Eliza Davis, amene banja lake linagula nyumba ya Dickens ku London, anamulembera kalata yomuuza kuti walakwira mtundu wonse. Poyamba anadziteteza. Koma m'buku lake lotsatira, Our Mutual Friend, anaikamo Myuda wachifundo, Riah, ndipo Oliver Twist atasindikizidwanso anachotsamo mawu aja m'malo ambiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi Davis anali pafupi, anali ndi adiresi yake, ankalemba Chingerezi. Azulu aja analibe njira yomutsinira khutu, ndipo nkhani ija sanaibweze.

Ndikamati pafupi sindikunena mtunda wokha. Mkazi wake, Catherine, anagona naye nyumba imodzi zaka 22, namuberekera ana 10. Mu 1858, mtima utapita kwa mtsikana wa zisudzo, Ellen Ternan, amene anamuona koyamba ali ndi zaka 18 iye ali ndi 45, Dickens anapatukana ndi Catherine, nalengeza nkhaniyo m'nyuzipepala, ndipo mwa ana onse ndi woyamba yekha amene anakakhala ndi mayi ake. Mlembi amene analiza dziko lonse ndi ana olekanitsidwa ndi amayi awo anachita zomwezo pakhomo pake.

Charlotte Brontë naye ali ndi pake. Mu Jane Eyre muli mkazi woyamba wa bwana uja, Bertha, wobadwira ku Jamaica, wotsekeredwa m'chipinda cha pamwamba ngati wamisala. Akulira ngati nyama, akuluma, akutentha nyumba, koma m'buku lonselo sapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Ngakhale chuma chimene chikumasula Jane kumapeto chikuchokera kwa mbale wa bambo ake wochita malonda ku Madeira, ndipo china mwa chuma cha bwanayo chinachokera ku Jamaica, dziko la minda ya akapolo. Bukulo silifunsa. Panapita zaka 119 kuti mlembi wina wobadwira ku Dominica, Jean Rhys, alembe Wide Sargasso Sea mu 1966, kufotokoza nkhani yomweyo kuchokera kwa mkazi wotsekeredwayo.

Twain ndiye amene maso ake anapitiriza kutseguka ndi zaka. Mwana wa mwini akapolo uja anakwatira Olivia Langdon, wa m'banja lolimbana ndi ukapolo, nakhala bwenzi la Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo mu 1838 n'kudzalemba yekha mbiri yake. Mu 1885 Twain anayamba kulipirira zofunika za wophunzira wakuda, Warner McGuinn, pa sukulu ya zamalamulo ku Yale. Ulendo wa ngongole uja unamuonetsa zimene maufumu a ku Ulaya ankachita m'maiko a eni, ndipo atabwerera kwawo anadzudzula nkhondo ya dziko lake lomwe ku Philippines. Mu 1905 analemba King Leopold's Soliloquy, kabuku kamene Mfumu Leopold ya ku Belgium ikudziyankhulira yokha, kudandaula kuti kamera ndi mboni imene yalephera kuipatsa chiphuphu. M'kabukumo munali zithunzi za anthu a ku Congo odulidwa manja chifukwa cholephera kukwanitsa mulingo wa mphira. Twain sanafike ku Congo, koma nthawi imeneyi anamvetsera amene anafikako, amishonale ndi ojambula zithunzi. Ndalama za kabukuko sanatengepo. Mu 1908 dziko la Congo linachotsedwa m'manja mwa Leopold.

Komabe musamuyese woyera. Chigawo chomaliza cha Huckleberry Finn chimamusandutsa Jim choseweretsa cha mnzake wa Huck, Tom Sawyer, ndipo owerenga ambiri akuda a ku America amadandaula nacho mpaka lero, pamodzi ndi liwu lonyoza anthu akuda limene likupezeka m'bukumo koposa ka 200. Za eni nthaka a ku America, amene anathamangitsidwa m'madera amene iye anakakumbako siliva ku Nevada, analemba zonyoza zofanana ndi zimene Dickens analemba za Azulu, ndipo chigawenga cha m'buku lake la Tom Sawyer anachitenga mwa iwo.

Wapampando, ndaona kuti kumbuyoko manja ayamba kale kukwera. Ndilekere pomwepa kuti timve mafunso.